Dokowe wa Eni Ake

Fungo la dothi lonyowa limandikumbutsabe dzinja lomwe ntchemberezandonda zinagwa m'chimanga kwathu kwa Chowe. Ndiwo chaka chimenecho zinali chisoso cha mchere wokha, mpaka m'kamwa kuchita kuwawa. Adokowe, mbalame zoyera za miyendo yofiira zija, ankatera m'minda kudzatola mbozizo, ndipo achimwene anga a Yusufu anawatchera msampha wa chingwe kudambo.

Tsiku lina anabwera naye mmodzi wamoyo, atamumanga mlomo ndi luzi. Ine malovu anali atadzaza kale m'kamwa. Ababa ananola mpeni pamwala, koma amayi, pogwira miyendo ya mbalameyo, anapeza kamphete kachitsulo kolembedwalembedwa.

Kwathu nkhuku inkamangidwa kansalu paphiko kuti mwini wake adziwike, ndipo ya kansalu sunkaigwira ngakhale ikudyere mphale pamkeka. "Mbalameyi ndi ya eni," anatero amayi. "Mumphika mwanga simulowa zakuba." Ababa anang'ung'udza kuti dokowe palibe amaweta, komabe mpeni anautsitsa.

Amayi anandituma kukafunsa khomo ndi khomo, anthu n'kumangondiseka. Amene anandiyankha ndi aphunzitsi a Mhango, ochokera ku Rumphi. Anati mpheteyo anaika ndi anthu a ku Ulaya, kumene mbalamezi zimaswera, pofuna kudziwa kumene zimapita, ndipo mvula ikatha zimabwerera konko.

Ababa atamva anasangalala, amvekere mwini wake ali kutali, sangadziwe. Amayi anangoti mwini ndi mwini, kaya ali kutsidya kwa msewu kaya kwa nyanja. Anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chawo n'kumanga ku mwendo winawo. "Akaone kuti inafika pa anthu," anatero, akumasula luzi lija. Dokowe anathamanga pang'ono mophepheluka, n'kuuluka kulowera kudambo. Ndinalira ndi mkwiyo, ndipo chisoso cha tsikulo ndinachikana.

Lero ndimadziwa kuti mayiko amapangana zoteteza mbalame zoyenda mitunda ngati zimenezi, chifukwa dziko lina likamasunga, lina n'kumapha, onse amatsala opanda kanthu. Nthawiyo za mapangano sindinkazidziwa. Ndinkangoona m'maganizo bambo wina wa ku Ulaya ataima pakhomo pake ndi madeya m'manja, akumasula kansalu ka amayi, n'kumadzifunsa kuti kodi chiweto chake chinagona kwa yani.