Mapiritsi Amene Ndinkathyola Pakati

Linali Lachinayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, sabata yoyamba titakolola. Ndinali pabwalo kwathu ku Liwaladzi, ndikuyanika mpunga pamkeka. Ndinamva fungo ngati la mphira wopsa, kenako sindinadziwenso kanthu. Nditatsitsimuka ndinapeza ndagona chammbali, lilime nditaluma, chitenje chitanyowa. Amuna anga, malemu a Saidi, anali atatsamiritsa mutu wanga pamiyendo pawo. Anthu ena anaima patali, poti kuno ambiri amati matenda a khunyu ungawatenge ukakhudza thovu la wodwala. Pambuyo pake ndinamva kuchipatala kuti zimenezo si zoona.

Mwezi umenewo ndinagwa katatu. Kuchipatala cha paboma anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, kwa dokotala wa matenda a mu ubongo. Tinkanyamuka titangoswali Subuhi, pemphero la m'bandakucha. Tikafika ankandiyeza pasikelo, n'kundiyeza magazi, kenako tinkakhala pabenchi mpaka dzina langa litaitanidwa, nthawi zina dzuwa litapendeka. Tsiku lina anandimata mawaya ambiri kumutu. Tsiku lina anandigoneka m'makina aphokoso. Anati mulibe chotupa, ndipo anandipatsa mapiritsi oyera, limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Anasintha mlingo kawiri, kugwa kuja n'kusiya.

Patatha zaka zitatu osagwa, dokotala uja anati, "Mayi, matenda anu agona. Ulendo wautaliwu si wofunikanso. Ndikulemberani kalata, muzikaonedwa kuchipatala chaching'ono cha kwanu. Zikasintha adzakubwezani kuno."

Amuna anga anathokoza, koma titakwera basi kalatayo anaipinda n'kuiika m'thumba la jekete. "Make Hawa," anatero, "amene anaona m'mutu mwako ndi uja. A kwathuwa amadziwa malungo basi." Inenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Tinapitiriza kupita ku Lilongwe miyezi itatu iliyonse kwa zaka zina ziwiri. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3, ndiye masiku onse olembedwa m'buku langa la kuchipatala ankawerenga ndi iwo.

Mu Juni chaka cha dzana amuna anga anadwala masiku anayi okha n'kumwalira. Monga mwa chipembedzo chathu cha Chisilamu ndinalowa eda, nthawi imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi. Tsiku langa la ku Lilongwe linagwera m'sabata yachisanu. Sindinafunse munthu. Mumtima ndinkati, bambo anandisunga zaka zonsezi osachita nane manyazi, ine ndilephere kumukhalira pakhomo miyezi inayi? Nditayang'ana m'botolo ndinaona kuti mapiritsi sandifikitsa. Ndinatenga mpeni n'kuyamba kuwathyola pakati. Atachepa kwambiri ndinkamwa kachidutswa kamodzi patsiku.

M'sabata yachisanu ndi chitatu fungo lija linabweranso. Unali usana, ndili kubafa. Ndinagwera pandowa n'kutemeka pachipumi. Anandipeza ndi alamu anga a Mariamu, achemwali a malemu, amene ankagona kwathu masiku amenewo. Tsiku lomwelo ndinagwanso kachiwiri, zimene zinali zisanachitikepo. Ataona zidutswa za mapiritsi m'botolo anangogwira pakamwa n'kupita kukaitana a Shehe.

A Shehe anaima panja pafupi ndi chitseko. "Mayi, anakuuzani ndani kuti eda imaletsa chipatala? Wodwala amaloledwa kutuluka. Mulungu sanati mutsatire amuna anu kumanda. Pitani, mukamaliza mubwerere pakhomo panu."

Ku Lilongwe kunali kutali kwa munthu wofooka ngati ine. Ndinawauza a Mariamu za kalata ija, ndipo anaipeza mu jekete momwemo, itafiira m'mopinda. M'mawa mwake tinayenda pang'onopang'ono kupita kuchipatala chaching'ono chomwe ndinkachinyoza.

Tinadikira pakhonde pamodzi ndi amayi a sikelo ya ana. Adokotala a pamenepo, a Banda, anasoka bala lija, kenako anawerenga buku langa lonse kuyambira tsamba loyamba, ndi kalata yomwe. Sanandikalipire. Anangoti, "Mayi, mankhwala awa sathyoledwa ngati chinangwa. Matenda sanakule ayi, mwawadzutsa ndi njala ya mankhwala." Anaimbira foni dokotala wa ku Lilongwe ine ndili pomwepo, n'kugwirizana kuti ndibwerere pamlingo wakale, ndipo ndikagwanso ndikumwa bwino, anditumize.

Atandipatsa mapiritsi ndinakana. Anali achikasu, aang'ono, osati oyera aja. A Banda anaseka pang'ono. Anaika botolo lakale ndi latsopano pamodzi, n'kuuza a Mariamu, amene amatha kuwerenga, kuti afananize zilembo chimodzichimodzi. Dzina linali lomwelo, nambala yomweyo. "Chasintha ndi malaya okha," anatero.

Mwezi woyamba ankandiona sabata ziwiri zilizonse, kenako kamodzi pamwezi. Amandifunsa ngati ndikugona bwino, ngati ndikumva chizungulire, ngati fungo lija labwerapo. Amadziwa kuti ife timachapa kunyanja, ndiye anandiletsa kulowa m'madzi ndili ndekha. Ramadhani itayandikira anayamba okha kundifunsa ngati ndikufuna kusala. Anandikonzera kuti piritsi limodzi ndizimwa pa daku, chakudya cha m'bandakucha, lina pomasula dzuwa likalowa, ndipo anati ndikamva zachilendo ndileke kusala tsiku lomwelo. Zoterezi ku Lilongwe sindinkafunsa, poti pabenchi pamakhala anthu ambiri odikira ndipo ndinkaopa kuchedwetsa anzanga.

Dokotala wa ku Lilongwe ndimamuthokoza, chifukwa ndi amene anapeza matendawa ndi mankhwala ondiyenera. Amuna anga sindiwadandaula, ankachita zimene ankaona kuti zinditeteza. Koma ndikanadziwa kuti thandizo lili pafupi chonchi, chipsera chili pachipumichi sichikanakhalapo.

Anzanga amene muli ndi matendawa, kapena mukusamala wodwala, pitani kuchipatala mukangogwa koyamba. Dokotala wamkulu akakuuzani kuti muzikaonedwa kwanu, mverani. Mankhwala asanathe, nenani, ngakhale muli pamaliro kapena pa eda. Musachepetse nokha.

Tsopano zikukwana zaka ziwiri osagwa. Ndimalima ndime yanga ya mpunga pamodzi ndi mwana wanga Hawa. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ndimatenga buku langa n'kuyenda wapansi kupita kwa a Banda. Piritsi ndimamwa lathunthu, limodzi ndikaswali Subuhi, lina ndikaswali Magharibi dzuwa litalowa.