Tsiku Limene Ndinauzira Kavalo ku Ndola

Lachisanu m'mawa. Ndadzuka ndikuseka ndekha, chifukwa cha phokoso la anyamata amene akusewera drafuti kuseri kwa nyumba ndi zitsekero za mabotolo. Landikumbutsa kwathu ku Wusakile, komboni ya kumgodi kuno ku Kitwe, ndili mu Giredi 8.

Chesi ndinaphunzitsidwa ndi Atate. Bolodi anachita kupatsidwa ndi mnzawo wa kumgodi, ndipo malamulo anauzidwa ali chiimire, akudikira basi ya kuntchito. Pamene panatsala mipata, iwo anadzazapo ndi malamulo a drafuti, masewera amene ankagonjetsa nawo komboni yonse. Choncho kwathu kudya chidole cha mnzako kunali kokakamiza. Ukasiya kudya pamene mpata ulipo, Atate ankatola chidole chakocho, nkuchiuzira kuti fuu, nkuchiponya m'thumba la ovolosi. Tinkasewera pansi pa mtengo wa mango, bolodi lili pa ndowa yovundikira, manja awo akununkha sopo ndi girizi.

Kusukulu palibe anazindikira. Tonse m'kalabu ya chesi tinali adyera, aliyense ankadya chilichonse chimene chadutsa. Tsono aphunzitsi athu a masamu atanena kuti wopambana masewera ake oyamba pa mpikisano wa ku Ndola alowa m'timu yopita ku Lusaka, ine ndinayamba kale kuchapa yunifomu. Ku Lusaka ndinali ndisanafikeko.

Atate anapempha tchuthi, navala jekete ya kutchalitchi, ndipo tinakwera minibasi limodzi. Holo inali zii, kumangomveka mawotchi ndi fungo la polishi. Mdani wanga anali kamtsikana ka magalasi, kotafuna kolala ya juzi. Tinasewera bwino ndithu, mpaka ndinaona mpata wotchera msampha umene Atate ankaukonda. Ndinakankhira poni, kachidole kakang'ono kaja, pamene kavalo wake akanatha kumudya. Akangodya, kwini wanga, chidole champhamvu koposa, alowa, mfumu yake yatha.

Iye anayang'ana poniyo, nakanda mphuno, nasuntha bishopu kumbali ina.

Mtima wanga unalumpha. Ndinatola kavalo wake mwaulemu wonse, nkumuuzira kuti fuu, nkumuika m'thumba la siketi. Kumbuyo kwa chingwe chotchinga oonerera, Atate anaomba m'manja kamodzi.

"Iwe, bweza kavalo wanga!" anakuwa mtsikanayo, holo yonse nkutembenuka.

Woyang'anira mpikisano anabwera, bambo wamtali wa tayi. Atamva nkhani anavula magalasi nkupukuta misozi ya kuseka.

"Mwana wanga, wakuphunzitsa zimenezi ndani?"

"Ndine, mukwai," anayankha Atate mwaulemu. "Sanadye uyo. Nanga lamulo likuti chiyani?"

"Ba shikulu, inu achikulire, iyi si drafuti ya kumsika wa ku Ndeke. Mu chesi munthu amadya akafuna. Koma lamulo lokakamiza lilipo limodzi: ukagwira chidole cha mnzako, uyenera kuchidya ngati ungathe."

Ndinatulutsa kavalo m'thumba, ali ndi nyenyeswa za chitumbuwa, nkumubweza pamalo pake. Amene akanatha kumudya anali kwini wanga yekha, ndipo kuseri kwa kavaloyo kunali poni wa mtsikanayo akudikira. Ndinadya, iye nadya kwini wanga. Posakhalitsa ndinampatsa dzanja, kuvomera kuti ndagonja. Malo a ku Lusaka anatenga Mutinta wa m'kalasi mwathu, amene anandibweretsera switi pobwera.

M'minibasi yobwerera tinayamba kuona zulu za kumgodi. Apo Atate anatsokomola.

"Ndiye kuti akavalo onse aja ndinakulanda pansi pa mango, ndinkangoba?"

"Inde, Atate."

"Awe sure, zamanyazi izi. Amako usawauze." Kenaka anapitiriza. "Aphunzitsi ako akakubwereke buku la malamulo. Uziwerenga mokweza, ine maso anatha ndi fumbi."

Tinaliwerenga lonse mwezi umenewo. Mmenemo tinamva kuti masewerawa anachokera ku India kalekale, ndipo Atate anati nzosadabwitsa kuti pofika ku Wusakile malamulo ena anali atagwa m'njira.

Masiku ano ana amene ndimawaphunzitsa chesi ku Ipusukilo amaphunzira pa foni, ndipo foni imakana ukasuntha molakwa. Sachita manyazi pagulu ngati ine, komanso sadziwa kukoma kokangana ndi bambo ako pa ndowa. Atate anapuma ntchito, ndipo tsopano amandigonjetsa mwachilungamo, koma sanakhalepo mkati mwa chingwe. Mwezi wamawa kuli mpikisano kuno ku Kitwe wolola ndi akuluakulu omwe. Mawa ndikawalembetsa, kenaka ndikawasokera matumba a jekete kuti atsekeke.