Pikapu Yopanda Phula

Obed Kamphinda wa ku Malomo ndi wokonza mawailesi, koma mukamutchula choncho amakuyang'anani ngati mwamuponda chala. Mawailesiwo ndi ongodyera. Ntchito ya pamtima pake ndi yopanga mapikapu, tizitsulo tija timakhala pansi pa nsambo za gitala yamagetsi, totola mawu n'kuwatumiza ku sipika. Palibe anamuphunzitsa. Maginito amachotsa m'masipika akufa, ndipo waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi amamukulunga pa makina osokera amene analanda mkazi wake Debora. Akamaliza amaviika pikapuyo m'phula losungunula, logula kwa oweta njuchi a kuphiri la Ntchisi, kuti waya agwirane asamanjenjemere.

Pikapu yoposa zonse anapangira Stephano, mnzake amene anakulira naye limodzi m'kwaya ya ku tchalitchi. Stephano anapita nayo ku Lilongwe, gitala yake inatchuka, ndipo tsiku lina anaitanidwa ku wailesi. Obed anatulutsa sipika pakhonde la shopu, n'kusonkhanitsa a kabaza ndi amayi ogulitsa tomato kuti adzamve dzina lake likutchulidwa. Anavala ndi jekete lomwe.

Muulutsi atafunsa chinsinsi cha mawu okoma a gitalayo, Stephano anaseka. "Pikapu imeneyi ndinaitanitsa kunja. Kuno angapange ndani? Kwathu kuja amangodziwa kumata matayala a njinga."

Obed anazimitsa wailesi n'kulowetsa sipika m'shopu. Kuyambira tsiku limenelo a kabaza akamadutsa ankakuwa kuti, "Mwaswera bwanji a Kunja!" Mumtima mwa Obed munatsala khala la moto. Sankafuna mphatso, sankafuna kupepesedwa. Ankangofuna kuti pakamwa pomwe paja padzatuluke dzina lake anthu akumva. Anasunga mangawa zaka ndi zaka, ndipo Debora akati aiwale, iye ankangoti mlandu suwola.

Thukuta la m'manja silisankha wotchuka. Linalowa pang'onopang'ono mpaka waya wa pikapu ija anaduka. Stephano anayesa za m'masitolo a m'tauni, koma anthu anayamba kunena kuti gitala yake yakalamba. Ndiye masana ena anatulukira ku Malomo, magalasi akuda ali pamphumi.

"Achimwene, ndabwera kwa eni ake," anatero. "Loweruka ndikuimba pa ukwati wa mwana wa mlimi wamkulu wa fodya kufupi ndi Mvera. Kudzakhala anthu olemekezeka. Ndithandizeni."

Obed anamupatsa mpando, anamufunsa za ana, anamugulira ndi chinangwa chootcha. Anamuuza kuti abwerenso mkucha.

Pa tsikulo Obed anayala mapikapu atatu pathebulo, n'kumamangirira imodziimodzi pa gitala, ampulifaya yaing'ono ikulira chapansipansi. Yoyamba inali ya waya wambiri, mawu ake olemera ngati a mkulu wa mpingo akamatsogolera nyimbo ya maliro. Stephano anapukusa mutu nati imeneyo imira m'ng'oma. Yachiwiri inali yowala, yakuthwa, nsambo iliyonse ikumveka payokha. Stephano anaikonda ndithu, koma anati amve kaye inzake. Atakhudza yachitatu anati ndi imeneyi basi. Mawu ake anali otseguka, amoyo, moti ngakhale kukhwekhwereza kwa chala pa nsambo kunkamveka kokoma.

Imeneyo Obed sanaiviike m'phula. Pikapu yotero imakoma koposa m'kachipinda, chifukwa waya womasuka amamva chilichonse. Koma ikakumana ndi masipika akuluakulu waya yemweyo amayamba kunjenjemera, ndipo chimene chimatuluka si nyimbonso.

Komabe mtima wa Obed unagunda. Paja anakulira limodzi. Anatambasula dzanja kuti aloze yachiwiri ija, koma anayamba wafunsa: "Nanga akakakufunsani kuti mwaitenga kuti, mukayankha chiyani?"

Stephano anamumenya paphewa akuseka. "Inunso achimwene! Anthu amakonda zakunja. Ndikati ya ku Malomo andiona wotchipa."

Obed anabweza dzanja lake. "Mwasankha nokhatu," anatero, n'kumanga zomangira mwamphamvu. Stephano anatuluka akuimba likhweru. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Debora anali ataona kuti chitini cha phula sichinakhale pamoto masiku onsewo. "Bambo a Luckness, mukukumba dzenje la ndani?" anafunsa.

"La mwini wake," Obed anayankha.

Loweruka anavala jekete lija n'kukwera minibasi, ngakhale panalibe womuitana. Anakaima pansi pa mtengo wa muwanga, kumbuyo kwa anthu odzaonerera. Masipika anali ounjikidwa kuposa msinkhu wa munthu. Akwati atanyamuka kuti alowe m'bwalo movina, Stephano anapita patsogolo, anakweza mawu mpaka kumapeto, n'kukhudza nsambo.

Inalira ngati nkhumba imene yaona mpeni. Ana anatseka makutu, atsikana operekeza mkwatibwi anasokoneza sitepe, agogo ena anagwetsa mbale ya mpunga. Stephano anatsitsa mawu, phokoso linaleka, koma gitala sinkamvekanso. Atakwezanso, nkhumba ija inabwerera ndi ana ake. Anthu anayamba kuseka, kenaka kukuwiza. Obed anamva kukoma kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Zaka zonse zija zinamutsika pakhosi ngati thobwa lozizira, ndipo sanachite nazo manyazi.

Bambo a mkwatibwi anaimirira nkhope ili gwaa, kulunjika kwa woimbayo. Stephano, thukuta lili kamukamu, anayang'ana uku ndi uku kufuna pothawira, ndipo maso ake anagwera pa jekete lodziwika pansi pa muwanga. Anatsomphola maikolofoni.

"Pepani makolo, vuto si ine ayi! Pikapu iyi anapanga ndi Obed Kamphinda wa ku Malomo, ndi manja ake! Palibe wina! Ndi uyo waima apoyo!"

Masipika aja anali amphamvu zedi. Dzina linakagunda phiri n'kubwerera. Khamu lonse linatembenuka, ena ananyamula mafoni kumujambula. Awa ndiwo anali mawu amene Obed anawadikira kuchokera tsiku la pakhonde lija, osasowa ngakhale limodzi.

Kanemayo anafika ku Malomo iye asanatsike minibasi. A kabaza anasiya kumutcha a Kunja, pano amangolira ngati nkhumba akamadutsa. Makwaya a ku Ntchisi amene ankabweretsa magitala awo anayamba kupita nawo kwina. Mapikapu awiri abwino aja akadali pashelefu, palibe amene amapempha kuwamva.

Tsiku lina Debora anamupeza akutsegula wailesi ya munthu. "Nanga mtima unakhala pansi, bambo a Luckness?"

"Anatchula," Obed anatero osadzutsa mutu. "Aliyense anamva."

 Debora anamasula waya wotsala pa makina ake osokera, anawapukuta fumbi, n'kuwasenza kupita nawo kunyumba.