Mpando umene agogo anaukana ku Nsipe

Fungo la simbi ya makala ikamadutsa pa khaki wonyowa limandibwezera kwa agogo anga aamuna, omwe anali mesenjala pa ofesi ina pa Boma la Ntcheu. M'mawa uliwonse ankauzira makala pakhonde, phulusa likuulukira m'ndevu zawo, ine nditagwirizira malaya kuti asakhudze pansi. Yunifolomuyo ankainyadira moti ntchentche ikaterapo inkaimbidwa mlandu.

Ndili mu Sitandade 4, kunamveka mphekesera zoti antchito achepetsedwa, ndipo oyamba kuchotsedwa akhala a imvi. Nyumba imene tinkakhala inali ya ntchito. Kwawo ku Nsipe agogo anali atatha zaka zambiri osapondako, ngakhale pa maliro ankangotumiza mawu opepesa. Ntchito ikatha, tikanalowera kuti?

Agogo aakazi anati tiyambe kuweta nkhuku. Agogo aamuna anapukusa mutu.

"Nkhuku sizidzandilandira kumudzi, mayi," anatero. "Munda sukwiya, amakwiya ndi anthu."

Loweruka lotsatira anapopa njinga, nandikweza pakaliyala, ulendo wa ku Nsipe, ku maliro a munthu amene dzina lake anachita kufunsa panjira. Titafika, anawaikira mpando pamthunzi, patali ndi amuna ena, monga amachitira ndi mlendo. Mlamu wawo, a Nyoni, analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Akhale pampando bwanawo, angadetse buluku la boma."

Ndinachita manyazi kwambiri, ndinkangofuna tibwerere. Agogo anavula jekete, nandipatsira, n'kukakhala padothi pakati pa anzawo. Kumanda, nthawi yokwirira itakwana, anapempha fosholo. Pobwerera, manja awo ozolowera maenvulopu anali matuza okhaokha, moti njinga ankaigwira ndi nsonga za zala.

Anapitanso kambirimbiri, ku maliro, ku ziliza, ngakhale kukafolera nawo tchalitchi, koma a Nyoni sanasiye kuwatchula bwana. Patatha chaka, makalata ochotsa anthu ntchito anatuluka. Wogawa anali agogo omwe, ndipo envulopu yomaliza m'chikwama chawo inali ya dzina lawo. Anabwera nayo kunyumba isanatsegulidwe.

Tsiku losamuka tinamva phokoso la ngolo kuseri kwa nyumba. Anali a Nyoni, fumbi lili thupi lonse.

"Kwezani katundu, alamu, ng'ombe zisanatope," anatero. "Udzu wofolera tinamweta kale."

Agogo anatembenukira kukhoma, akupukuta m'maso ndi chipewa chawo cha ntchito.

Lero nane ndatuluka imvi, ndipo kuntchito kwathu ku Lilongwe anthu ayamba kunong'onezana m'makonde. Mantha ndili nawo, ndipo agogo ndimawasowa. Koma uthenga wa maliro ukachokera ku Nsipe, sinditumiza chipepeso pafoni. Ndimamanga chitenje n'kukwera minibasi, ndipo akandibweretsera mpando ndimaukana.