Chaka Chomwe Mbozi Zinawilikiza

Fungo la phulusa lonyowa limandinyansa mpaka lelo. Limandibweza ku Ndake, m'dzinja lomwe ndinali mu giledi naini, chimanga chathu chitafika m'mawondo. Mvula inali itadula masabata awili ndipo dothi linkawotcha kumapazi. Masamba anayamba kuoneka ngati wina wawaboola ndi msomali. Ukasuzumila kunsonga, komwe masamba atsopano amatulukila, unkapeza zinyalala zonga utuchi wonyowa, ndi mbozi itadzipinda m'katimo.

Sabata lomwelo a Daka, aphunzitsi athu a masamu, analemba pabolodi 2, 4, 8, 16. Anati nambala zina zimakula mowonjezela, zina mowilikiza, ndipo zowilikizazo zimayamba pang'onopang'ono mpaka munthu kuzipeputsa. Anzanga anakopela n'kuiwala. Ine masamu ndinkawakonda. Ndinang'amba chitenje chakale cha amai n'kuyamba kumanga kansalu pa chimanga chilichonse chodyedwa, mumzele wa m'mbali mwa njila yomwe ndinkadutsa popita kusukulu. Lolemba tinsalu tinali titatu. Lachiwili tinakwana 6. Lachitatu 12.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kupitiliza kumbuyo kwa kope: 24, 48, 96, 192, 384. Mankhwala tinalibe. Kwathu tinkasakaniza phulusa ndi mchenga, n'kumatsina pang'ono kuthila kunsonga ya chimanga chimodzichimodzi. Atate, amai ndi ine, titagwila tsiku lonse, tinkatha kuthila zimanga ngati 200. Ndinaona kuti tikadikila mpaka Lolemba lotsatila, mbozi zidzatipitilila. Ndinadziwanso kuti chimanga chikapanda kucha, sukulu yanga yatha. Atate anali atanena kale zimenezo pobzala.

Ndinawapeza akupalila thonje, malaya atamatilila kumsana.

"Atate, tiyambe mawa kuthila phulusa. Onani apa."

Anayang'ana kope nthawi yaitali, ngakhale kuwelenga sankadziwa. Kenako anayang'ana kumunda wa chimanga.

"Mailesi, thonje lidye udzu chifukwa cha tinsalu twako? Tenga khasu."

Sindinatenge. Masana alionse ndikaweluka ndinkapala phulusa kukhitchini kwathu ndi kwa anansi, n'kukathila ndekha mumzele wanga uja. Zala zinang'ambika, maso ankawawa. Mvula itabwelela, phulusa linasanduka phala lotuwa lonunkha, ndipo ndinayambilanso. Mizele ina ija inkang'ambika ndikuona, masamba ali nyakanyaka ngati sanza. Pokolola, mzele wanga wokha ndiwo unabala bwino, dengu limodzi ndi theka. Thonje linapulumuka koma silinakwanile kutidyetsa ndi kundiphunzitsa. Mayeso a giledi naini sindinalembe.

Lelo ndimagulitsa nthochi ku Kacholola, kuthamangila mabasi opita ku Lusaka. Munthu akandiuza kuti sukulu ndi tsogolo, ndimamufunsa ngati akugula kapena ayi. Zaka zingapo sindinkalankhula bwino ndi atate. Mumtima ndinkati ine ndinapeza yankho lolondola, iwo analikana chifukwa cha umbuli.

Chaka chatha, ndili chikhalile kudikila basi, ndinabweleza samu ija padothi ndi kamtengo. Pamenepo ndipo ndinakumbukila kuti munda wathu unali ndi mizele 40, ine ndinawelenga umodzi. Khumi ndi ziwili kuchulukitsa ndi 40 ndi 480. Tsiku lomwe ndinapita ndi kope kuthonje, zodyedwa zinali zitaposa kale kawili zomwe manja athu akanatha, ndipo m'mawa mwake zikanawilikizanso.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti atate sanamvetse nambala zanga. Iwo anali atayenda munda wonse m'mawa wa tsiku la kope lija, n'kuona kuti mbozi zatipitilila kale. Chomwe ankayang'ana pakope paja, nthawi yaitali ija, sichinali samu. Ankafuna mau ondiuzila kuti sukulu yanga yatha kale, ndipo atawasowa anandiuza kuti nditenge khasu.