Phungu Amene Sanaike Mayi Ake

Anabwera Lachisanu m'mawa, mvula yoyamba itangogwa, ndili pa Nsanama kugulira mayi anga mankhwala. Anali apolisi awiri, aulemu ndithu.

"Olemekezeka, akuluakulu akufuna kucheza nanu pang'ono," anatero wamkuluyo. "Mubwerako lero lomwe."

Ndinali loya komanso phungu wa Nyumba ya Malamulo. Cholakwa changa chinali kuimira alimi a ku Utale amene munthu wina wamphamvu anawalanda minda, ndi kumutchula dzina m'Nyumbamo. A boma anati ndinkakolezera ziwawa.

Mayi anali chigonere. Ana aamuna kwathu ndine ndekha, ndipo anali atandilonjezetsa kuti tsiku lawo likadzafika ndidzatsike m'manda kukawalandira ndi manja anga, monga timachitira Asilamu.

Titafika kupolisi, wondifunsa mafunso ndinamukumbutsa kuti lamulo silimulola kundisunga osandionetsa kukhoti. Anaseka.

"Malamulo munawasiya ku Lilongwe, bwana. Kuno tili ndi loko basi."

Zina zimene zinachitika m'chipindamo sindizilemba. Khutu langa lakumanzere silimvanso.

Masabata anadutsa. Tsiku lina mlonda anaima pachitseko cha chitokosi akudya mango.

"Akuti mayi anu atisiya m'mawawu."

Ndinamupempha kuti andimange unyolo, andiperekeze, ndikangotsika m'manda tibwerere. Ine amene ndinatulutsa anthu ambirimbiri pa belo, ndinagwada pa simenti.

"Iyayi," anatero. "Kapempheni kukhoti. Si ndinu loya?"

Khoti limatenga masiku, pomwe ife timaika maliro tsiku lomwelo. Dzuwa litapendeka ndinadziwa kuti wina watsika m'malo mwanga. Ndinalira mokweza, ndipo andende anzanga anayang'ana kukhoma.

Ananditulutsa chimanga chitauma. Mlandu sunafike kukhoti, palibe anapepesa. Mpando wanga wa uphungu unapita pa chisankho chotsatira, minda ya ku Utale sinabwerere. Anthu amandigwira chanza, amati ndithokoze ndili mfulu. Ndimavomera, koma ufulu umene umabwera zonse zitatha sindiudziwa ntchito yake.

Mlongo wanga ndiye anandiuza za tsiku lomaliza la mayi, titakhala pakhonde.

"Galimoto iliyonse ikadutsa pamsewu ankafunsa ngati ndinu, achimwene."

"Munkawayankha chiyani?"

"Tinkati muli m'njira."