Mchenga wotentha m'sokosi

Achimwene Feston, ndakwanitsa! Chiperoni chafika sabata ino, ndipo mawondo a amayi anayambanso kuwawa moti dzana analephera kupita kokathyola tiyi. Ndiye ndinakumbukira tsiku lija munkakazinga mchenga m'chiwaya ngati mtedza. Amayi anakufunsani kuti, "Iwe, ndiwo zasowa mpaka tidye mchenga?" Inu munangoseka, n'kuuthira m'sokosi yanu ya m'jombo, n'kumanga kukamwa, n'kundiponyera m'bulangete. Munati, "Kumbatira, mfana, usiye kunjenjemera ngati mwanapiye." Ndinagona mpaka kuchedwa kusukulu.

Dzulo ndinayesa ndekha. Koyamba ndinathira m'sokosi yanga ya kusukulu, yanayiloni, ndipo inasungunuka pompo, mchenga uli mbwee pansi! Simunandiuze kuti imafunika yathonje, yokhuthala. Ndinakatenga yanu ija m'chikwama chomwe sitinatsegule chimwalirireni inu chaka chatha. Nditawaikira amayi pamawondo, anagona osabuula. M'mawa uno anyamula dengu lawo akuyenda bwinobwino! Potuluka anandiuza kuti, "Feston, usataye mchengawo." Sindinawauze kuti alakwitsa dzina, achimwene. Ndinangoyankha kuti, "Chabwino, amayi."